Utsi ukagona ku Chia: mmene amayezera denga losaoneka la mpweya

Amene anayendapo pa msewu wa M5 m'bandakucha wa mwezi wa Julayi, kuchokera pa boma la Nkhotakota kulowera ku Chia, akudziwa zimene ndikunena. Utsi wa m'makhitchini, wa pa mauvuni a njerwa ndi wa amayi owamba nsomba umanyamuka bwinobwino, n'kukwera mpaka kupitirira nsonga za mitengo ya mango. Ukafika pamenepo umaima ngati wagunda thabwa. Umayamba kuyala cham'mbali, wa nyumba iyi kukumana ndi wa nyumba iyo, mpaka dambo lonse lafunda chinsalu chotuwa ndipo wa kabaza akupalasa maso ali misozi. Pofika 9 koloko chinsalucho chapita, chonsecho moto sunazime. Nsomba zikuwambidwabe, uvuni ukufukabe, koma utsi womwewo tsopano ukukwera mowongoka n'kukasungunukira kumwamba.

Utsi uja unagundadi kanthu, ndipo kanthuko kali ndi dzina.

Mpweya wotizungulira si wofanana kuchokera pansi mpaka kumwamba. Pali gawo la pansi penipeni limene limamva chilichonse chimene nthaka ndi madzi zikuchita. Dothi likatentha nalo limatentha, likazizira nalo limazizira, ndipo limamva msanga, mkati mwa ola limodzi kapena kucheperapo. Mphepo ya m'gawoli imakhulana ndi mitengo, mapiri ndi nyumba. Pamwamba pake pali mpweya wina wosalabadira zonsezi, umangodziyendera motsatira zochitika za kutali. Akatswiri a zanyengo gawo la pansili amalitcha planetary boundary layer. Ine ndizingoti mpweya wa pansi, ndipo malire ake a pamwamba ndiziti denga. Ganizo lakuti madzi kapena mpweya woyenda umakhala ndi kagawo kapadera pafupi ndi chinthu chimene ukukhulana nacho linachokera kwa Ludwig Prandtl wa ku Germany mu 1904. Azanyengo anadzalitenga n'kulikulitsa kuti likwane dziko lonse.

Tsiku limodzi la denga

Dengali silikhala pamodzi. Ganizirani mphika wa phala pa mafuwa. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa mu mpweya osautenthetsa kwenikweni, kumakatenthetsa nthaka, ndiye nthakayo n'kumawotcha mpweya kuchokera pansi monga nkhuni pansi pa mphika. Mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho umadzuka m'mizatimizati n'kukwera, wozizirirapo n'kutsika kudzalowa m'malo mwake. Kamvuluvulu amene amanyamula mapesi m'munda mu Okutobala ndi m'bale wake wa mizati imeneyi, wangopeza fumbi loti timuonere. Akabawi amene amazungulira m'mwamba osakupiza mapiko akwera pa mizati yomweyo, n'chifukwa chake simuwaona akuchita masewerawa 6 koloko m'mawa. Amadikira kaye kuti mphika uwire.

Mzati wa mpweya ukafika pa denga umakumana ndi mpweya wofundirapo ndi wopepuka kuuposa, ndiye umalephera kupitirira. Komabe umafika uli pa liwiro, umaboola pang'ono, ndipo pobwerera umakokera pansi mpweya wa pamwamba uja. Motero dengalo limadyeka kuchokera kunsi n'kumasunthira m'mwamba ola ndi ola. M'madera ambiri a pamtunda masana limafika kilomita imodzi kapena awiri. Pouma ndi potentha limapitirira makilomita 3, ndipo m'chipululu cha Sahara limafika 4 kapena 5. Kuti tione kukula kwake ndi maso a kwathu: nyanja ya Malawi ili pafupifupi mamita 475 pamwamba pa nyanja yamchere, nsonga ya phiri la Dedza ili pa mamita 2,198. Denga la makilomita 2 pamwamba pa Salima ndiye kuti lapitirira kale phiri la Dedza.

Dzuwa likapendeka, nkhuni za pansi pa mphika zimazima. Nthaka imataya kutentha msanga, makamaka usiku wopanda mitambo wa Juni ndi Julayi, ndipo mpweya wokhudzana nayo umazizira kuposa wa pamwamba pake. Wozizira ndi wolemera, umangogona phee. Denga latsopano limapangika pafupi ndi nthaka, mamita 100 mpaka 300, nthawi zina makumi ochepa chabe. Limeneli ndi limene utsi wa ku Chia umagunda. Pamwamba pake pamatsala mpweya wa masana uja, uli ndi fumbi ndi utsi wake wonse, koma palibenso chouvundula kuchokera pansi. Mkute umenewu muukumbukire, pakuti ndi umene umapusitsa makina ena amene tikambe.

Wina afunsa kuti nanga tiyezerenji. Masamu ake ndi apafupi. Utsi wochuluka mofanana ukalowa pansi pa denga la mamita 200 umachindikala kakhumi kuposa ukalowa pansi pa denga la mamita 2,000, ndipo mapapo a mwana amene ali kumbuyo kwa mayi ake amapuma kusiyana kumeneku. Mlimi wa thonje ku Salima akapopera mankhwala m'bandakucha kuli zii, timadontho tating'onoting'ono timayandama pansi pa denga lotsika n'kukagwera m'munda wa mnzake. Makompyuta olosera nyengo nawo amadalira nambala imeneyi: chinyezi chimene chimamanga mitambo ya mvula chimachokera mu mpweya wa pansi, ndipo kompyuta ikalakwitsa kutalika kwa denga imalakwitsanso kutentha kwa masana ndi ola limene mitambo iyambe kumera.

Chovuta n'chakuti dengali palibe amene analigwirapo. Sapitwa mutamuyeza lero, mutamuyezanso mawa, ndi mamita 3,002. Denga la mpweya limadziwika ndi zizindikiro basi, ndipo chida chilichonse chili ndi chizindikiro chake chimene chimasaka. China chimayang'ana kutentha, china chinyezi, china fumbi, china kuvunduka kwa mphepo. Masana a dzuwa lowala zizindikirozi zimagwirizana ndithu. Usiku, m'mitambo ndi m'mbali mwa nyanja zimakangana.

Chibaluni

Njira yakale, imene zina zonse zimayesedwa nayo, ndi kabokosi kopepuka kokwana m'dzanja kotchedwa radiosonde. Mkati mwake muli choyezera kutentha, choyezera chinyezi, GPS ndi kawailesi kotumiza manambala pansi. Amakamangirira ku chibaluni chodzaza hydrogen kapena helium n'kuchisiya chipite. Chimakwera pafupifupi mamita 5 pa sekondi iliyonse, chikufufuma pamene mpweya wa kunja ukuchepa, mpaka kuphulika cha pa makilomita 30. Robert Bureau wa ku France anaulutsa kabokosi kotere mu 1929, Pavel Molchanov wa ku Soviet Union anatsatira mu 1930. Masiku ano mayiko anagwirizana, kudzera ku bungwe la World Meteorological Organization, kuti aziulutsa pa nthawi imodzi, 12 koloko usiku ndi 12 koloko masana pa nthawi ya ku Greenwich. Kuno nthawi zimenezi ndi 2 koloko usiku ndi 2 koloko masana. Kumeneku ndi mwayi wa chigawo chathu cha Africa, chifukwa 2 koloko masana denga limakhala litatsala pang'ono kufika pachimake, 2 koloko usiku limakhala litagona. Kuli mayiko ena kumene maola omwewa amagwera m'mawa ndi madzulo, nthawi imene denga likusintha, ndipo pachimake pa masana chibaluni chawo sichipaona.

Kabokosiko sikanena kuti denga ndi ili. Kamangotumiza mndandanda wa manambala, ndipo munthu ndiye amayenera kuwamasulira. Njira yodziwika bwino ya masana, imene George Holzworth wa ku America anaigwiritsa ntchito mu 1964, imatsamira pa lamulo limodzi. Mpweya ukamakwera umafufuma chifukwa chouthinikiza chikuchepa, ndipo pofufuma umazizira. Ngati sunapange mtambo, umazizira madigiri 9.8 pa kilomita iliyonse, tingoti 10. Ndiye mumatenga mpweya wa pansi m'maganizo, n'kumaukweza, n'kumaufanizira ndi zimene chibaluni chapeza pa msinkhu uliwonse.

Tiyerekeze kuti masana ena pa Nkhotakota kwatentha madigiri 33. Mpweya wonyamuka pansi ukafika kilomita imodzi uli pa 23. Ngati chibaluni chinapeza 22 pamenepo, mpweya wathu ndi wofundirapobe kuposa anzake ouzungulira, upitiriza ulendo. Pa makilomita 2 uli pa 13. Ngati chibaluni chinapeza 15, wathu uja tsopano ndi wozizira ndi wolemera kuposa anzake, sangafike pamenepo. Denga lili pakati, pamsinkhu umene manambala awiriwa afanana. Nthawi zambiri pamalo omwewo chibaluni chimaonetsa zachilendo ziwiri. Kutentha, kumene kumatsikatsika chikwerere, kumaima kapena kukwerako pang'ono. Chinyezi chimagwa mwadzidzidzi, chifukwa nthunzi yochokera m'madambo ndi m'nyanja yathera pomwepo. Akatswiri ena amakonda kusaka pamene chinyezi chagwa kwambiri, ena pamene kutentha kwakhota. Akawerengera njira zonsezi pa ulendo umodzi wa chibaluni chimodzi, mayankho amatha kusiyana ndi mamita mazana angapo. Choncho mukaona nambala ya denga mu lipoti, funso loyamba ndi lakuti anaipeza ndi njira iti.

Chibaluni chili ndi zofooka zake. Makilomita 2 chimawadutsa m'mphindi zosakwana 7, ndipo denga la usiku la mamita 150 chimaliboola m'masekondi 30. Chikalowa mu mzati wa mpweya wokwera chinena kuti denga lili patali. Chikananyamuka mamita 500 cham'mbali, pamene mpweya ukutsika, chikananena zina. Zili ngati kuviika chala kamodzi mumphika wowira n'kulengeza kuya kwa phala. Ndipo n'chodula, pakuti ulendo uliwonse kabokosi, chibaluni ndi gasi zimapita osabwerera. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene malo oulutsira zibaluni mu Africa ali apatalipatali poyerekeza ndi ku Ulaya. Ena odziwika ali ku Nairobi ndi ku Irene pafupi ndi Pretoria. Ndege zina zonyamula anthu zimathandizako poyeza kutentha ndi mphepo pamene zikunyamuka ndi kutera, koma zimayeza mpweya wa pa bwalo la ndege, osati wa ku Dwangwa.

Usiku njira ya Holzworth imasowa chogwira, chifukwa palibe mpweya wotentha wonyamuka pansi. Chimene chimavundula mpweya usiku ndi mphepo. Ya pamwamba ikamathamanga kuposa ya pansi, malire a ziwirizi amapiringizika, monga pamene madzi a Bua othamanga akumana ndi madzi odekha a m'mphepete. Pali kulimbana pamenepa. Kulemera kwa mpweya wozizira wa pansi kukufuna bata, kusiyana kwa liwiro la mphepo kukufuna chipwirikiti. Lewis Fry Richardson wa ku England, munthu wokana nkhondo amene ankayendetsa ambulansi pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anaika kulimbanaku mu nambala imodzi: mphamvu ya bata kugawa ndi mphamvu ya chipwirikiti. Nambalayi ikakhala yaing'ono mpweya ukusakanikirana, ikakula wadekha. Ambiri amawerengera kuchokera pansi kupita m'mwamba, ndipo pamene yapitirira 0.25 amati denga ndi pamenepo. Ena amasankha mlingo wokwererapo, yankho n'kusintha. Ubwino wake ndi wakuti imagwira usana ndi usiku, n'chifukwa chake makompyuta a zanyengo amaikonda.

Kuwala ndi phokoso

Pa mabwalo a ndege ambiri pamakhala bokosi loimirira, lofika m'chiuno kapena pachifuwa, lokhala ndi galasi loyang'ana kumwamba. Dzina lake ndi ceilometer, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi kuuza oyendetsa ndege kuti mitambo yayambira pati. Limaponya m'mwamba timiphezi ta laser tosaoneka ndi maso, n'kudikira kuwala kobwerera. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi, choncho chinthu chimene chili pa kilomita imodzi chimabweza yankho m'magawo osakwana 7 a sekondi yogawidwa kamiliyoni. Nthawi imeneyi ndiyo imasanduka mtunda.

Akatswiri anadzaona kuti si mitambo yokha imene imabweza kuwalako. Fumbi ndi utsi nazonso zimabweza, ngakhale mofooka. Popeza zimenezi zimachokera pansi ndipo zimatsekeredwa ndi denga, pamsinkhu umene kuwala kobwerera kwachepa mwadzidzidzi ndi pamene mpweya wakuda wathera. Makinawa sagona, amayeza kangapo pa mphindi iliyonse chaka chonse. Chithunzi cha tsiku limodzi chimene amatulutsa n'chokongola: kamzere kotsika m'bandakucha, kenako n'kukwera ngati chulu cha m'ma 10 koloko, n'kukhazikika masana.

Koma apa m'pamene mkute uja umalowerera. Dzuwa likalowa, denga lenileni latsika kufika mamita 150, pomwe utsi wa masana ukadali lende pa makilomita 2. Laser imauona, ndipo pulogalamu ya kompyuta yosachenjera imalemba kuti denga lili pa makilomita 2 pakati pa usiku. Choipiranso n'chakuti makinawa saona bwino pafupi kwambiri ndi galasi lawo, kumene kuli denga la usikulo. Kuno kwathu palinso vuto lina la nyengo. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, lupsa ali ponseponse kum'mwera kwa Africa, ndipo utsi wake umayenda mitunda yaitali uli m'mizeremizere m'mwamba. Umenewu ndi umene umafiiritsa dzuwa likamatuluka kutsidya la nyanja n'kubisa mapiri a ku Mozambique. Kafukufuku wamkulu wa SAFARI 2000 anatsata utsi umenewu ndi ndege komanso masetilaiti. Ceilometer ikayang'ana kumwamba nyengo yotere imaona madenga atatu kapena anayi, ndipo pamafunika munthu wodziwa kuti asankhe lenileni. Mvula ikangokalipa n'kutsuka mpweya, vuto limatembenuka: fumbi lachepa, chobweza kuwala chasowa.

M'bale wake wa ceilometer ndi sodar, imene imagwiritsa ntchito phokoso. Imaliza kalikhweru kakuthwa kuloza kumwamba n'kumvetsera. Pamene mpweya wofunda ndi wozizira zikusakanikirana, kagawo kochepa ka phokosolo kamabwerera. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, ndiye yankho lobwera patatha masekondi awiri lachokera pa mamita 340. Sodar siifika patali, kawirikawiri mamita mazana angapo, koma ndi kumeneko kumene denga la usiku limakhala. Chilema chake ndi makutu. Mvula pa malata, galimoto za pa msewu, ngakhale achule a m'dambo la mpunga zimaisokoneza, ndipo oyandikana nayo samagona bwino ndi kulira kwake kwa usiku wonse. Palinso ma radar oyang'ana kumwamba, amene amamva pamene chinyezi chasintha mwadzidzidzi. Amenewa amaonanso tizilombo touluka. Ndimaganizira zimenezi ndikaona mizati ya nkhungu, tintchentche ta m'nyanja tija, itaima pa madzi ngati nyumba ikupsa. Tizilombo timakwezedwa ndi mpweya monga fumbi, ndipo kwa radar nthawi zina ndi chisokonezo, nthawi zina ndi chizindikiro chaulere cha pamene mpweya wovunduka wafika.

Kuyang'ana kuchokera kumwamba

Kumene kulibe chibaluni kapena ceilometer, masetilaiti amayesetsa. Njira ina yochenjera imabwereka uthenga wa GPS. Setilaiti yotsika imamvetsera uthenga wa setilaiti ya GPS imene ikulowa kuseri kwa dziko monga dzuwa likamalowa. Uthengawo umadutsa mu mpweya chopingasa n'kukhota pang'ono, ndipo kukhotako kumasintha kwambiri pamsinkhu umene chinyezi chagwa. Ntchito yotere yotchedwa COSMIC, ya Taiwan ndi America, inayamba mu 2006, ndipo COSMIC-2 ya 2019 inalunjika madera otentha onga athu. Setilaiti ya CALIPSO, ya America ndi France, inkaponya laser pansi kuyambira 2006 mpaka 2023. Vuto la njira ya GPS kwa ife ndi lakuti yankho limodzi limaimira mtunda wa makilomita mazana awiri kapena atatu chopingasa. Nyanja yathu pamene yatambalala kwambiri siipitirira makilomita 80. Mu nambala imodzi mumalowa madzi, chigwa cha Salima ndi mapiri a Dowa.

Nambala imene ofufuza ambiri amatenga pa intaneti ndi ya ERA5, yopangidwa ndi bungwe la ECMWF la ku Ulaya. Ili ndi kutalika kwa denga kwa ola lililonse, malo alionse pa dziko, kubwerera m'mbuyo mpaka 1940. N'zokopa, ndipo ndi zaulere. Koma tizikumbukira kuti imeneyi ndi kompyuta imene yasakaniza zoyeza zimene zilipo ndi masamu a mmene mpweya umayendera, n'kuwerengera denga ndi nambala ya Richardson ija. Dziko inaligawa m'mabokosi a pafupifupi makilomita 31. Kumene zoyeza zenizeni zili zochepa, masamu ndi amene amalankhula kwambiri.

Nyanja imasokoneza zonse

Zonse ndafotokozazi zimayenda bwino pa chigwa chachikulu chofanana. Salima ndi Nkhotakota zili pa msoko wa maiko awiri osiyana khalidwe. Madzi amachedwa kutentha, amachedwanso kuzizira. Pamwamba pa nyanja ya Malawi pamakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29 chaka chonse, ndipo usana ndi usiku sipasiyana kwenikweni. Masana mchenga wa ku Senga Bay umatentha moti mwana amathamanga chodumphadumpha, pamene madzi ali ozizirirapo kuposa mpweya wa kumtunda. Pa nyanja ndiye palibe moto pansi pa mphika, denga limakhala lotsika. Taonani kumwamba masana a dzinja: mitambo yaunjikana kumadzulo, pa mapiri a Ntchisi ndi Dowa, pamene pamwamba pa madzi pali mbee.

Usiku zimatembenuka. Kumtunda kwazizira, mpweya wolemera ukutsetsereka m'mapiri kulowera ku nyanja, ndipo ukafika umapeza madzi ofunda. Mphika tsopano ukuwira pa nyanja. N'chifukwa chake nyengo ya mvula ziphaliwali zimang'anima pakati pa nyanja usiku ndi m'bandakucha, nthawi yomwe asodzi a usipa ali komweko ndi nyali zawo. Munthu woyeza ku gombe amakhala pakati pa madenga awiri oyenda motsutsana, lina likukwera pamene linzake likutsika.

Pali chinthu chachitatu chimene ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse kwa ife a m'mbali mwa nyanja. Masana kamphepo kozizira kamachokera ku nyanja kulowa kumtunda. Mpweya umenewu ukangoponda mchenga wotentha umayamba kuwotchedwa kuchokera pansi, n'kumanga kadenga kakekake mkati mwa mpweya wa kumtunda. Pa gombe penipeni kadengaka n'kotsika kwambiri, ndipo kamakwera pamene mukulowa kumtunda, ngati denga la khonde. Chida choikidwa ku Senga Bay ndi china pa tauni ya Salima, mtunda wa pafupifupi makilomita 20, zikhoza kupereka manambala osiyana kutali pa ola lomwelo, zonse zili zoona. Mu ERA5 malo awiriwa akhoza kugwera m'bokosi limodzi. Nkhaniyi si ya m'mabuku chabe. Chumuni yaitali ya fakitale yomangidwa pafupi ndi gombe imalavulira utsi wake mu mpweya wodekha wa pamwamba pa kadengako. Utsiwo umayenda chopingasa osabalalika mpaka kukakumana ndi kadenga kokwerako, ndipo pamenepo mizati ya mpweya imaugwetsera pansi wonse pa mudzi umodzi. Wowunika malo a fakitale amene wangotenga nambala ya masana ya kumtunda sangazione zimenezi.

Mwera ukabwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, umafufuta zonsezi kwa masiku angapo. Mphepo yamphamvu imavundula mpweya ndi liwiro lake lokha, usiku ndi usana, ndipo utsi wa ku Chia supeza mpata wogona. Asodzi amakokera mabwato kumtunda, ndipo m'mawa mpweya wa pamudzi umakhala woyera kuposa masiku a bata.

Pa gombe lotere, chida chimene ndikuona kuti chingathandize msanga ndi droni. Dziko lino si lachilendo ku madroni, pakuti mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ku Kasungu. Droni yonyamula choyezera kutentha ndi chinyezi ikhoza kukwera n'kutsika mamita mazana angapo theka la ola lililonse, kenako n'kusunthira makilomita asanu kumtunda kukabwereza. Denga la masana a Okutobala siingalifikire popanda chilolezo chapadera cha oyang'anira za ndege komanso batire lamphamvu, koma la usiku ndi la khonde lija lili m'manja mwake, ndipo ikatha ntchito imabwerera, mosiyana ndi chibaluni.

Kapu yachitsulo ndi ayisi

Pali njira ina imene mphunzitsi wa sekondale ku Nkhotakota angachite ndi ana ake pa bwalo la sukulu. Masana a dzuwa, mitambo yoyera yonga thonje imakhala ndi mitu yosiyanasiyana, koma kunsi kwake n'kosalala, ndipo yonse imayambira pa msinkhu umodzi ngati yakhala pa tebulo lagalasi. Mtambo uliwonse ndi chisoti cha mzati wa mpweya umene wakwera mpaka kuzizira kufika poti nthunzi yake yasanduka timadontho. Kunsi kwa mitambo yotere kumakhala pafupi kwambiri ndi denga.

Msinkhu umenewu umawerengeka. Mufunika manambala awiri: kutentha kwa mpweya pamthunzi, ndi mlingo wa mame, kutanthauza kuzizira kumene mpweyawo uyenera kufika kuti nthunzi yake iyambe kukhala madzi. Malo oyezera nyengo a boma ku Salima ndi ku Nkhotakota amayeza kutentha ndi chinyezi tsiku lililonse, koma mlingo wa mame mukhoza kuupeza nokha. Thirani madzi m'kapu yachitsulo yowala, ikanimo themomita, ndipo muziponyamo tizidutswa ta ayisi pang'onopang'ono mukutakasa. Yang'anitsitsani kunja kwa kapu, osaipumira. Pamene kayamba kuchita chifunga, werengani themomita.

Mpweya wokwera umazizira madigiri pafupifupi 10 pa kilomita, pamene mlingo wake wa mame umatsika pafupifupi madigiri 2 okha. Mpata wa pakati pawo umatsekeka ndi madigiri 8 pa kilomita, kutanthauza mamita 125 pa digiri iliyonse. Ndiye chotsani mlingo wa mame pa kutentha, yankho muchulukitse ndi 125. Tiyerekeze masana a Okutobala, kutentha 34, mame 14: mpata ndi 20, mitambo iyambira pa mamita 2,500. Ngati kumwamba kulibe ngakhale kamtambo kamodzi, mwadziwabe kanthu, kuti mizati ya mpweya ikuthera pansi pa msinkhu umenewo. Tiyerekezenso masana a Januwale, minda ya mpunga ili thithithi ndi madzi, kutentha 29, mame 23: mpata ndi 6, mitambo iyambira pa mamita 750 pamwamba pa bwalo lanulo. Onjezerani mamita pafupifupi 500 amene Nkhotakota ili pamwamba pa nyanja yamchere, mupeza 1,250. Phiri la Ntchisi limapitirira mamita 1,500. Auzeni anawo atembenukire kum'mwera chakumadzulo akaone ngati nsonga yake ikuoneka.